Roscoe Arbuckle: khoti linamumasula, koma anthu anamumanga

Pali filimu ina yakale kwambiri imene timaikonda, ndipo aliyense amene ali ndi bando yokwanira angathe kuipeza pa YouTube. Dzina lake ndi Fatty and Mabel Adrift, ndipo inatuluka ku America mu January 1916. Ilibe mawu. Anthu amatsegula pakamwa koma simumva kanthu, ndipo pakafunika kuti mudziwe zimene zanenedwa, mawu ochepa olembedwa amaoneka pa kanema kenako n'kuchoka. Masiku amenewo m'nyumba zoonetsera mafilimu munkakhala munthu woimba piyano, amene ankatsatira zochitika ndi zala zake: pothamangitsana nayenso amathamanga, pachisoni amachepetsa.

Nkhani yake ndi yosavuta kutsatira. Pa famu ina pali mnyamata wantchito, wonenepa zedi koma wa nkhope ngati ya khanda, amene wakondana ndi Mabel, mwana wa mwini famuyo. Palinso mnyamata wina wa pa famu yoyandikana nayo, wowonda ngati bango ndiponso wansanje, amene akufuna namwali yemweyo. Mabel asankha wonenepayo, ukwati uchitika, ndipo awiriwo apita kukakhala m'kanyumba ka m'mphepete mwa nyanja pamodzi ndi galu wawo. Masikono oyamba amene mkwatibwi aphika atuluka olimba ngati miyala, ndipo mwamuna ayesetsa kuwadya kuti asamukhumudwitse. Wokanidwa uja sanagonje. Apangana ndi zigawenga, ndipo usiku wa chimphepo akankhira kanyumbako m'madzi. Kutacha, mabedi akuyandama m'chipinda, nyumba ili pakati pa nyanja, ndipo amene asambira kukaitana thandizo ndi galu, atam'mangirira kalata.

Ife timaseka kwambiri pa masikono paja. Koma malo amene timabwezera kawiri kapena katatu ndi ena. Usiku woyamba m'kanyumbamo, mwamuna apita kukatsanzika mkazi wake amene wagona kale. Kamera sionetsa mwamunayo, ionetsa chithunzithunzi chake chokha chikuwerama pamwamba pa Mabel n'kumupsompsona. M'nthawi imene nthabwala za m'mafilimu zinali kumenyana ndi njerwa ndi kugwera m'matope, munthu wina anaganiza zoika kanthu kofatsa chotero pakati pa phokoso lonselo. Munthuyo ndi amene anasewera ngati mnyamata wonenepa uja, ndipo ndi iyenso amene anatsogolera kajambulidwe ka filimu yonse. Dzina lake anali Roscoe Arbuckle.

Anabadwa pa 24 March 1887 ku Smith Center, m'chigawo cha Kansas, m'banja la alimi osauka. Olemba mbiri yake amasimba kuti anabadwa wamkulu modabwitsa, moti bambo ake, a William Goodrich Arbuckle, anakayikira ngati mwanayo anali wawo, ndipo anamutcha dzina la Roscoe Conkling, wandale wa ku New York amene iwo sankamukonda. Akadali wamng'ono banja linasamukira ku Santa Ana, ku California. Kumeneko ndi kumene anakwera pa nsanja ya zisudzo koyamba ali ndi zaka 8, pamene gulu la a Frank Bacon linkafuna mwana woti aonekere m'sewero. Mayi ake anamwalira iye asanakwanitse zaka 13. Anamutumiza kwa bambo ake ku Watsonville, koma atafika anapeza bambowo atachokako, ndipo mnyamatayo anayamba kugwira maganyu pa hotela kuti apeze chakudya ndi pogona.

Chimene chinamutulutsa pa hotelapo ndi mawu ake. Anali woimba bwino, ndipo zimatimvetsa chisoni pang'ono kuti munthu wa mawu otere anatchuka m'mafilimu opanda mawu. Anayendayenda ndi magulu a zisudzo m'mizinda ya kumadzulo kwa America, akuimba, kuvina ndi kuseketsa anthu. Mu 1908 anakwatira Minta Durfee, amenenso anali wazisudzo. Mu 1909 anaonekera koyamba m'filimu pa kampani ya Selig, koma anabwereranso ku zisudzo za pa nsanja, mpaka anakafika ku China ndi ku Japan ndi gulu lina. Mu 1913 analowa ntchito ku Keystone, kampani ya Mack Sennett ku Los Angeles, imene inkatulutsa mafilimu afupiafupi anthabwala sabata ndi sabata. Anayamba ngati mmodzi wa apolisi opusa aja amene ankathamangitsana m'misewu, koma pasanathe chaka anthu anali atayamba kumufunsa ndi dzina.

Dzina limene ankamufunsa nalo linali Fatty, kutanthauza wonenepa. Iye sankalikonda. Anzake ankadziwa kuti Fatty ndi munthu wa pa kanema, ndipo kunja kwa ntchito ankamutchula kuti Roscoe. Ankalemera pafupifupi makilogalamu 120, koma ankakana nthabwala zotchipa zokanirira pakhomo kapena pampando. Chimene chinkaseketsa anthu n'choti thupi lonselo linali lopepuka ngati la mphaka. Ankagwa n'kudzuka ngati mpira, ankavina mwaulemu, ankaponya chitumbuwa m'mwamba n'kuchiwakha ndi chiwaya kumbuyo osayang'ana. Charlie Chaplin atafika ku Keystone anamupeza Arbuckle ali kale katswiri, ndipo awiriwo anasewera limodzi m'mafilimu angapo mu 1914, kuphatikizapo The Rounders.

Koma mnzake weniweni pa kanema anali Mabel Normand. Mafilimu awo ankagulidwa ngati mchere. Mu filimu ya pa famu ija tingati munali banja lokhalokha: wansanje wowonda uja anali Al St. John, mwana wa mlongo wake wa Arbuckle, ndipo galu uja, dzina lake Luke, anali galu wa pakhomo pa Arbuckle ndi Minta. Nkhani ya anyamata awiri olimbirana mwana wa mlimi Arbuckle anaibwerezanso mu 1919 mu filimu yotchedwa Love, ndipo wopikisana naye analinso St. John yemweyo. Anthu ambiri oonera mafilimu m'mizinda nthawi imeneyo anali atangochoka kumene ku mafamu, iwo kapena makolo awo. Mkaka, chitsime, ng'ombe ndi mpongozi wovuta zinali zinthu zakwawo, ndiye ankaseka monga mmene munthu amasekera akamva nkhani za kumudzi ali m'tauni.

Mu 1917 Arbuckle anachoka ku Keystone n'kuyamba kampani yakeyake yotchedwa Comique, mothandizana ndi Joseph Schenck. Chaka chomwecho anakumana ku New York ndi mnyamata wazisudzo amene anali asanaimepo kutsogolo kwa kamera, ndipo anamuitana kuti adzayese. Mnyamatayo anali Buster Keaton, ndipo filimu yake yoyamba inali The Butcher Boy. Arbuckle anamuonetsa mmene kamera imagwirira ntchito, mmene amadulira ndi kulumikiza filimu, ndipo sanachite nsanje pamene wophunzirayo anayamba kuwala. Keaton sanaiwale zimenezi moyo wake wonse. Pofika mu 1920 Arbuckle anali atasamukira ku mafilimu aatali pa kampani ya Paramount, pa mgwirizano wa pafupifupi madola 1 miliyoni pa chaka. Anali ndi nyumba yaikulu ku Los Angeles ndi galimoto zodula. Ankamwanso mowa kwambiri, ndipo iye ndi Minta anali atasiyana pokhala ngakhale kuti ukwati unali usanathe ku khoti. Sitikufuna kumujambula ngati mngelo, chifukwa sanali.

Akuluakulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Kumayambiriro kwa September 1921, Arbuckle ndi anzake awiri, Lowell Sherman ndi Fred Fishback, anapita pa galimoto ku San Francisco kukapuma pa tchuti, ndipo anatenga zipinda zitatu pa hotela ya St. Francis, 1219, 1220 ndi 1221. Lolemba pa 5 September m'zipindamo munachitika phwando. Mowa unalipo, ngakhale kuti kuyambira mu January 1920 lamulo la dziko lonse la America linkaletsa kugulitsa mowa. Mmodzi wa alendo anali Virginia Rappe, mayi wachitsikana wosewera mafilimu ndiponso wokonza masitayilo a zovala. Masana a tsikulo Rappe anadwala mwadzidzidzi m'chipinda 1219, akulira ndi ululu wa m'mimba. Amene analipo anaganiza kuti waledzera, ndipo dokotala woyamba amene anaitanidwa anaganizanso chimodzimodzi. Anamugoneka m'chipinda china cha hotelayo, ndipo panapita masiku asanamutengere ku chipatala. Anamwalira pa 9 September. Madokotala anapeza kuti chikhodzodzo chake chinaphulika, ndipo m'mimba munatupa ndi matenda.

Mayi wina amene anabwera naye ku phwandoko, Maude Delmont, anauza apolisi ndi atolankhani kuti Arbuckle anagwiririra Rappe ndipo ndiye anachititsa imfayo. Arbuckle anabwerera yekha ku San Francisco, anamumanga pa mlandu wopha munthu mwadala, ndipo anakhala m'chitokosi pafupifupi masabata atatu. Woweruza atamva umboni woyambirira anautsitsa mlanduwo kuti ukhale wopha munthu mosakonzekera.

Apa ndi pamene tiyenera kuima pang'ono, chifukwa mlandu unazengedwa kawiri: kwina m'khoti, kwina m'manyuzipepala. Manyuzipepala a William Randolph Hearst ndi ena ambiri anapeza nkhani yogulitsa. Tsiku ndi tsiku tsamba loyamba linali la Arbuckle. Thupi lomwe lija limene anthu ankalikonda chifukwa cha kupepuka kwake tsopano analisandutsa umboni: munthu wamkulu chotero, anthu ankatero, ayenera kuti anamuphwanya mtsikanayo ndi kulemera kwake. Mphekesera zina zonyansa zimene sizinanenedwepo n'komwe m'khoti zinayamba kuyenda pakamwa, ndipo zina zikuyendabe mpaka lero m'mabuku amiseche. Mlandu usanayambe, nyumba zoonetsera mafilimu m'mizinda yambiri zinali zitachotsa kale mafilimu ake. Mabungwe a amayi ndi atsogoleri ena a zipembedzo, amene anali atatopa kale ndi nkhani za makhalidwe a ku Hollywood, anaona kuti apeza chitsanzo. Dandaulo lawo pa Hollywood silinali lopanda maziko. Vuto n'lakuti anasenzetsa munthu mmodzi katundu wa mzinda wonse umboni usanamveke.

Ku America milandu yotere imagamulidwa ndi gulu la anthu wamba 12 lotchedwa jury, ndipo onse ayenera kugwirizana chimodzi. Loya wamkulu wa boma ku San Francisco, Matthew Brady, sanamuitane Delmont kuti adzapereke umboni pa mlandu uliwonse mwa itatu imene inachitika. Nkhani yake inkasinthasintha, ndipo mbiri yake inali yokayikitsa moti akanaima m'bokosi la mboni mlandu ukanagwa tsiku lomwelo. Ganizirani zimenezo: munthu amene mawu ake anamangitsa Arbuckle sanafunsidwe funso n'limodzi lomwe pamaso pa jury. Mboni ina ya boma inanena pambuyo pake kuti inakakamizidwa kusaina zimene sinakhulupirire. Madokotala amene khoti linawasankha anapeza kuti chikhodzodzo cha malemuyo chinali ndi matenda okhalitsa. Arbuckle anafotokoza kuti anamupeza Rappe akusanza m'bafa, anamuthandiza kugona pabedi, ndipo ululu utakula anaitana ena.

Mlandu woyamba unatha pa 4 December 1921, anthu 10 akufuna kumumasula ndipo awiri akukana. Pa mlandu wachiwiri, kumayambiriro kwa 1922, maloya ake otsogoleredwa ndi Gavin McNab anadzidalira mopitirira muyezo. Sanamuimike Arbuckle kuti alankhule, ndipo sanaperekenso mawu omaliza. Jury inagawanikanso, koma ulendo uno ambiri ankafuna kumupeza wolakwa. Mlandu umenewu uli mkati, pa 1 February 1922, wotsogolera mafilimu wina, William Desmond Taylor, anawomberedwa m'nyumba mwake ku Los Angeles, ndipo mmodzi mwa anthu omaliza kumuona wamoyo anali Mabel Normand. Apolisi sanamupeze Mabel ndi mlandu, koma dzina lake linadetsedwa. Motero mkwati ndi mkwatibwi a m'kanyumba koyandama kaja onse awiri anali pa tsamba loyamba la nyuzipepala mwezi umodzi.

Pa mlandu wachitatu maloya a Arbuckle sanasiye kanthu. Anabweretsa mboni zambiri zofotokoza za umoyo wa Rappe ndi za moyo wake wam'mbuyo. Pano sitingawayamikire ndi mtima wonse. Za matenda ake zinali zofunika pa mlanduwo, koma anakumba ndi zina zimene cholinga chake chinali kungomunyozetsa, ndipo wakufa sayankha. Virginia Rappe anali munthu amene anakula movutika ngati Arbuckle yemwe, anadzipezera yekha ntchito, ndipo anafa imfa yowawa atagona masiku angapo m'hotela anthu akumuyesa woledzera. Amene amalemba pofuna kuyeretsa Arbuckle nthawi zambiri amachita zimenezo podetsa Rappe, ngati kuti mmodzi sangakhale wosalakwa pokhapokha winayo akhale woipa.

Pa 12 April 1922 jury inatuluka kukakambirana ndipo inabwerera patangotha mphindi 6. Inamupeza wosalakwa. Inachitanso chinthu chosachitikachitika: inapereka chikalata chosainidwa chonena kuti kumumasula kokha sikunali kokwanira, kuti anamuchitira chosalungama chachikulu, ndiponso kuti panalibe umboni uliwonse womugwirizanitsa ndi mlanduwo. Pa nkhani ya mowa Arbuckle anavomera kulakwa ndipo analipira chindapusa cha madola 500. Ngongole za maloya zinakwana pafupifupi madola 700,000. Nyumba ija ndi galimoto zija zinapita.

Patangotha masiku 6 chigamulo chiperekedwe, pa 18 April, Will Hays analengeza kuti mafilimu a Arbuckle asaonetsedwe. Hays anali atangosiya udindo wa nduna yoona za mtengatenga wa makalata m'boma la America kuti atsogolere bungwe latsopano la eni makampani a mafilimu, ndipo ntchito yake inali kutsimikizira anthu kuti Hollywood ikhoza kudzisesa yokha boma lisanabwere ndi tsache lake. Panafunika nsembe yooneka. Mafilimu amene Arbuckle anali atamaliza kale anatsekeredwa m'nkhokwe. Mu December chaka chomwecho Hays anachotsa chiletsocho, koma anthu anakwiya kwambiri moti panalibe kampani imene inalimba mtima kumuikanso kutsogolo kwa kamera. Anali ndi zaka 35.

Amene anaima naye anali ochepa, koma anaima. Minta, ngakhale anali atasiyana naye, anachoka ku New York n'kudzakhala naye m'khoti. Keaton ndi Schenck anamuthandiza ndi ndalama ndi ntchito. Arbuckle anayamba kutsogolera mafilimu a anthu ena, makamaka afupiafupi anthabwala, ena a mphwake Al St. John. Popeza dzina lake silikanaoneka pa kanema, anafunika lina, ndipo anasankha William Goodrich. Limeneli linali dzina la bambo ake, omwe aja amene anamukayikira pobadwa n'kumusiya pa hotela ku Watsonville. Mu 1927, pansi pa dzina lobwerekalo, anatsogolera The Red Mill, filimu ya Marion Davies, amene anali wokondedwa wa Hearst ndipo mafilimu ake ankalipiridwa ndi ndalama za Hearst. Munthu amene manyuzipepala ake anathandiza kumugwetsa tsopano ndiye ankamudyetsa. Ena amene anagwira naye ntchito m'zaka zimenezo amamukumbuka ngati munthu waulemu koma wozizira, wokhala pa mpando wake mwakachetechete ngati moto unazima kale. Ukwati wake ndi Minta unatha mu 1925. Anakwatira Doris Deane chaka chomwecho, koma nawonso unatha patapita zaka zochepa, ndipo mowa unali nawo mbali. Mabel Normand anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu February 1930.

Mu 1932, patapita zaka zoposa 10, kampani ya Warner Bros. inaganiza zoyesa. Inamulemba kuti asewere m'mafilimu 6 afupiafupi, okhala ndi mawu, ojambulidwa ku Brooklyn, m'dzina lake lenileni. Yoyamba inali Hey, Pop! Kwa nthawi yoyamba oonera mafilimu anamva mawu a munthu amene anayamba ntchito ngati woimba. Anali atakula, koma manja anali achangu monga kale, ndipo anthu anaseka. Ana ambiri amene anaonera sankadziwa n'komwe za hotela ya St. Francis. Chaka chomwecho anakwatira Addie McPhail.

Anamaliza kujambula filimu yachisanu ndi chimodzi pa 28 June 1933, ndipo kampaniyo inali itakonzeka kumupatsa filimu yaitali. Madzulo ake iye ndi Addie anapita kukadya ndi anzawo, posangalalira nkhaniyo ndiponso chaka chimodzi cha ukwati wawo. Anabwerera ku hotela kwawo ku New York, anagona, ndipo usiku womwewo, kulowa pa 29 June, mtima wake unaima. Anali ndi zaka 46. Thupi lake analiwotcha, ndipo Addie anakamwaza phulusalo m'nyanja ya Pacific.